Muvi wa Uta Wina

Sajeni Alefa Makwinja atafika ku Luwinga madzulo a tsiku lija, anapeza wopalamula atakhala kale pakhonde kumudikirira. Anali bambo wachikulire wamtali, imvi zili mbuu, atavala jekete lakale la alonda a nkhalango, kolala ataiimika ndi kuimanga mabatani mpaka m'chibwano. Pamiyendo pawo panagona uta wautali ngati munthu. Sanadzuke. Anangotambasula manja onse awiri kuti unyolo ulowe, n'kunena ndi mawu osasa:

"Ndine Fyson Gondwe. Ndamulasa mkweni wane. Musavutike kufunsa wanthu, amama."

Alefa anali atakhalitsa mu upolisi, kuyambira kwawo ku Thyolo mpaka kuno ku Mzuzu kumene anasamukira mwamuna wake atamwalira, ndipo ntchitoyo inali itamuphunzitsa kuti mlandu wobwera wophikaphika umakhala ndi fupa m'kati. Anauza wapolisi mnzake kuti atsale ndi mkuluyo, iye n'kuzungulira kuseri kwa nyumba.

Malo a a Gondwe ndi okhawo amene anali atatsala akupuma m'dera lonselo. Mbali zonse anali atazingidwa ndi makoma a nyumba zogona ana a ku yunivesite, zimene zinkamera ngati bowa chaka ndi chaka, ndipo m'mawindo apamwamba munali mitu ya anyamata ndi atsikana yosuzumira chete. Pakati pa makomawo panali bwalo lalitali la kapinga, nthochi zili kumapeto kwake, ndi thunthu limodzi lobookabooka limene linali chandamale cha oponya mivi. Jasper Chirambo, mkamwini wa a Gondwe, mkweni amene ankanena uja, anagona chafufumimba pafupi ndi nthochizo, kamvula kowaza ka mu Juni kakunyowetsa malaya ake. Muvi unali utalowa kumsana, pansi pa phewa lamanzere, utaima njo ngati chikhomo chokhomedwa ndi mmisiri. Kumchira kwake, m'munsi mwa nthenga za nkhanga, unali wokulungidwa ndi ulusi wakuda.

Alefa anagwada. Pambali pa mtembowo kapinga anali atapondedwapondedwa, dothi litakumbika ndi zidendene, ngati pamene agwetsana atonde awiri. Anayang'ana kukhonde, n'kuyang'ananso dothilo.

M'chisakasa cha malata kumbali kwa bwalo munkanunkhira phula ndi utuchi. Mauta anali atapachikidwa pa zikhomo, koma zikhomo ziwiri zinali zopanda kanthu. Mivi inamangidwa m'mitolo, mtolo uliwonse ndi mtundu wake wa ulusi. Pakhoma panali misomali iwiri yotalikirana ngati kutalika kwa mkono, ndi nkhwangwa yakale yopanda mpini ikulendewera pa kawaya. Kuseri kwa chisakasacho kunali phulusa lofunda. Kukhitchini, pa mbaula yozima, mphika wa nyemba unali utapserera mpaka kuda bii.

A Gondwe anafotokoza nkhani yawo mosapunthwa, ngati mwana woloweza ndime ya m'Baibulo. Anati mkamwini wawoyo anakhala akuwaumiriza kuti agulitse malowo kwa omanga nyumba za ophunzira, ndipo tsikulo anawauza kuti mawa abwera ndi wogula, afune asafune. Atatero anawafulatira akuseka. Iwo mtima unawapsa, anatola uta wawo pakhonde, n'kuponya. Mwana wawo Lusungu, mkazi wa malemuyo, kunalibe. Anachoka m'mawa kupita kwa azakhali ake ku Zolozolo.

"Nanga nyemba zija anatereka ndani, bambo?"

Kwa nthawi yoyamba mkuluyo anachedwa kuyankha. Anameza malovu movutikira, nkhope itachita tsinya ngati akumeza munga.

"Ndine," anatero.

* * *

M'mawa mwake Alefa anapita kwa mayi woyandikana nawo, Winifred Kaunda, amene aliyense ankangomutchula kuti NyaKaunda. Ankachititsa lendi zipinda kwa ophunzira, ndipo pageti pake ankakazinga mandasi. Anali mayi wa pakamwa posatseka. Asanafunsidwe n'komwe anali atamupatsa kale Alefa mpando, mandasi otentha papepala, ndi mbiri yonse ya banja la a Gondwe.

Anati a Gondwe anabwera pamalopo kudakali tchire, anyani akumwa madzi m'dambo pamene lero pali mabala ndi masaluni. Mkazi wawo anamwalira Lusungu ali wamng'ono, iwo osakwatiranso. Jasper anali mnyamata wabwino chomene pamene ankagwira ntchito ya matabwa ku Vipya, wofika ndi shuga ndi nsalu kwa apongozi, woimba bezi kutchalitchi mpaka mawindo kunjenjemera. Mitengo itatha, ntchito inathanso. Nyumba ya lendi ku Katawa anatulukamo, n'kubwera kudzakhala kwa apongozi ake.

"Kuno si kwanu ku Thyolo yayi, amama. Mwanalume kukhala pakhomo pa apongozi, anzake amamuseka kuyambira ku bawo mpaka kumowa. Akamuseka kumeneko, iye amadzabwezera kunyumba. Ife timamva zonse. Khoma ili ndi la njerwa imodzi."

Alefa anafunsa ngati panali amene anachitapo kanthu. NyaKaunda anatembenuza mandasi amene sanafunike kutembenuza. Anati anapitako ndi amayi a Umanyano a kutchalitchi, koma Lusungu anawalandira ndi tiyi, diso litatupa, n'kuwauza kuti anagunda chitseko mumdima. Anapemphera, n'kubwerera.

"Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Tinauyang'anira tonse, nadi."

Za dzulo anati anamva mkangano chakumasana. Jasper ankakalipa, a Gondwe akuyankha, kenako mawu a mkuluyo anaduka pakati ngati wailesi yothimitsidwa. Kunali zii. Iye anaganiza kuti zatha monga zimathera masiku onse. Anakazinga beseni lonse la mandasi, anaona utsi ukukwera kuseri kwa chisakasa, ndipo dzuwa litapendeka ndi pamene a Gondwe anafika pageti kudzamupempha kuti aimbire apolisi.

Alefa anaganizira za nthawi yaitali imeneyo, pakati pa kuduka kwa mawu ndi kugogoda pageti. Munthu wodzipereka yekha amadikira chiyani?

"Nanga Lusungu munamuona akuchoka nthawi yanji?"

NyaKaunda anaweramira pachiwaya.

"M'mawa."

"Munamuona ndi maso anu?"

"Mafuta anga akupsa, amama."

Mafuta sanali kupsa. Misozi ndi imene inkagwera m'chiwaya, ikuthetheka.

* * *

Atabwerera ku ofesi anapeza mlendo wa tayi ndi magalasi akuyendayenda pakhonde. Anadzitchula kuti ndi a Solomon Munthali, mphunzitsi wa mbiri yakale ku yunivesite. Ankalankhula mothamanga, Chichewa, Chitumbuka ndi Chingerezi zikupondana pakamwa. Anati poyamba anapita kwa a Gondwe kukangofunsa za alenje akale, koma anakathera kugwira uta, ndipo tsopano Loweruka lililonse iwo ndi anzawo angapo amakaponya mivi pabwalo lija. Adada aja, anatero, sangalase munthu kumsana ngakhale utawalavulira malovu kumaso. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti aone muviwo.

Dokotala anali atauchotsa kale, ndipo anali atanena kuti unachokera chapatali n'kulowa mowongoka, osapotoka ngakhale pang'ono. Alefa anautulutsa m'thumba la pulasitiki. A Munthali anaugwira ndi nsonga za zala, n'kuukhotetsa pang'ono pakati. Nkhope yawo inawala.

"Madam, tiyeni ku Luwinga. Muvi uwu si wa uta wa adada."

M'chisakasa muja anasolola muvi wa ulusi wakuda mumtolo wa a Gondwe, anaugoneka pa misomali iwiri ija, n'kukoleka nkhwangwa yakale pakati pake. Bango la muviwo linawerama pang'ono chabe, monyinyirika. Anayesa wina, chimodzimodzi. Koma atagonekapo muvi umene unachotsedwa m'thupi la Jasper, unapinda n'kutsika ngati chingwe choyanikapo bulangete lonyowa.

Anafotokoza kuti uta wosemedwa ku mtengo umodzi ulibe khomo loti muvi udutsirepo. Muvi umatsamira m'mbali mwa utawo, ndipo nsinga ikaukankha umayenera kupinda, kulambalala thupi la uta ngati njoka yolambalala chitsa, kenako n'kuwongoka uli kale m'malere. Ukakhala wouma kwambiri sulambalala, umathawira mbali imodzi. Ukakhala wofewa kuposa mphamvu ya utawo umapinda mopitirira, umagwedeza mchira ngati mlamba, n'kuthawira mbali inayo, mwinanso kuthyoka kumene. N'chifukwa chake a Gondwe ankatha chilimwe chonse akusankha bango, kuliyesa pa misomaliyo, kudulako pang'ono, kusintha kulemera kwa chitsulo chakutsogolo, mpaka uta uliwonse utapeza mivi yake. Ikatero ankaikulunga ulusi wa mwiniwake kuti isasakanikirane.

Poona kuti wapolisiyo sanagwedeze mutu, a Munthali anavula jekete. Anasankha mivi yopinda mofanana ndi wa Jasper uja mumtolo wa ongoyamba kumene, n'kutenga uta waukulu wa a Gondwe umene Alefa anabwera nawo. Kuukoka kokha mitsempha inawatuluka pakhosi. Muvi woyamba unachoka ukupupuluma ngati nkhuku yothyoka phiko, n'kukagwera m'kapinga kutali ndi chandamale. Wachiwiri unafika pathunthu koma unalowa chopendama, mchira utaloza kukhoma la oyandikana nawo. Wachitatu unathyokera pa uta pomwepo.

"Mwaona? Uta uwu ndi wophera nguluwe. Muvi wofewa chonchi sungachoke pa uta uwu n'kukalowa mowongoka, never. Unaponyedwa ndi uta wake weniweni, uta wopepuka, ndipo woponyayo si wophunzira. Adada akunama, madam. Atulutseni."

Alefa sanali kuyang'ananso chandamale. Maso ake anali pa ulusi. Mivi yonse ya m'chisakasamo ulusi wake unali wosalala, womatidwa ndi phula mpaka kunyezimira. Wa pa muvi uwu unali wouma, wokulungidwa mopupuluma, mfundo yake yosadulidwa bwino. Anaukanda ndi chikhadabo. Pansi pake, m'mphepete mwa nthenga, panali patatsalira kaulusi kachikasu.

Anayang'ana mitolo ija umodzi umodzi. Wakuda unalipo, wofiira, wobiriwira, woyera. Wachikasu panalibe.

"A Munthali, ulusi wachikasu ndi wa ndani?"

Mphunzitsiyo anayang'ana chikhomo chachiwiri chopanda uta. Anayang'ana phulusa kuseri kwa chisakasa. Anakhala pachitsa, n'kuvula magalasi.

"Ine ndinabwera kudzawapulumutsa," anatero motsitsa. "Chiuta wane, ndachita vichi?"

Kenako dzinalo linatuluka lokha, ngati mpweya wa munthu wotopa.

"Ndi wa Lusungu."

* * *

A Gondwe anali atakhala pasimenti m'chitokosi, chakudya chili pambali chosakhudzidwa. Alefa anawatengera m'kachipinda kofunsiramo anthu, n'kuwapatsa tiyi. Anaona momwe dontho lililonse linkawavutira kutsika. Anawapempha kuti amasule batani lapakhosi. Anakana, akuti kukuzizira. Alefa sanakakamize, anangopinda manja n'kukhala. Tiyi atazizira, mkuluyo anakweza dzanja yekha.

Mbali zonse ziwiri za khosi kunali zipsera zakuda za zala za munthu.

Alefa analankhula pang'onopang'ono, ngati wouza munthu uthenga wa maliro. Anati munthu amene wagwetsedwa chagada, akukanyangidwa pakhosi, sangaponye muvi kumsana kwa womukanyangayo. Anawauza za dothi lokumbika, za nyemba zopserera, za ulusi wopanda phula, ndi za momwe bango lija linapindira pa misomali.

"Ndi Solomon wakuonetsani misomali," anatero a Gondwe. Silinali funso. Anaseka pang'ono kuseka kowawa. "Ndinamuphunzitsa bwino."

Kenako mawu anatuluka okha. Anati amayi ake a Lusungu atamwalira, mwanayo anasiya kulankhula, ndipo iwo, mlenje wosadziwa kutonthoza mwana, chimene ankadziwa n'kusema uta. Anamusemera kauta kakang'ono, ndipo tsiku limene analasa nthochi koyamba ndi limene anasekanso. Atakula anamusemera wina, kenako wina, womaliza wa mtengo umene anakadula okha m'phiri n'kuuumitsa padenga nyengo zingapo za mvula. Mivi yake anaisankha mosamala kuposa ya munthu wina aliyense, kuposa yawo yomwe. Dzulo utawo anauthyola pabondo ndi manja awo, n'kuutentha pamodzi ndi mtolo wonse wachikasu. Wotsala m'thupi sanathe kuuzula chifukwa chitsulo chinali chitakola. Anagwada pambali pa mkamwini wawo, wayamba kale kuzizira, n'kusintha ulusi mopupuluma. Phula analiiwala.

"Amama, ine ndakalamba. Kundende ndi kumanda, kwa ine konse n'kufupi. Iye moyo wake uli kutsogolo. Mlandu uli ndi mwini kale. Lembani zimene ndinakuuzani dzulo, palibe amene adzakufunseni."

Zimenezo zinali zoona, ndipo n'zimene zinamupweteka Alefa. Bwana wake anali atamuyamikira kale kuti mlandu watha msanga. A Munthali sakanatsegulanso pakamwa, NyaKaunda chimodzimodzi. Iyenso anali ndi mwana wamkazi ku Limbe, wa msinkhu womwewo, wokwatiwa ndi mwamuna amene iye sankamudziwa bwino, wolankhula mwachidule pafoni masiku ano. Anadzifunsa kuti akanakhala iye, sakanasintha ulusi kodi?

Anauza a Gondwe kuti nkhani yawo ya dzulo ndi ya munthu wolasa mnzake kumbuyo chifukwa cha malo, ndipo imeneyo kulibe woweruza angaimvere chifundo. Nkhani ya pakhosi pawoyo ndi ina, ya mwana wopulumutsa bambo ake, ndipo khoti likhoza kuimva mosiyana. Sanalonjeze kanthu, chifukwa analibe cholonjeza. Anangoti apita ku Zolozolo kukamva kwa mwiniwake.

A Gondwe anatsika pampando. Bambo wamtali uja, wa imvi mbuu, anagwada pasimenti pamaso pa mkazi wamng'ono kwa iwo, n'kugwira nsonga ya nsapato yake.

"Musapiteko, amama. Chonde."

Alefa anatuluka osacheuka, chifukwa ankadziwa kuti akacheuka sapita.

* * *

Ku Zolozolo galimoto inakanika kulowa m'tinjira tamatope, ndipo anaisiya pafupi ndi pamene anyamata a sakaramento, onyamula anthu panjinga, amaimika njinga zawo, n'kuyenda wapansi pakati pa nyumba zothinana. Azakhali a Lusungu anaima pakhomo atatambasula mikono ngati nkhuku yoteteza anapiye. Anati mwanayo kulibe, wapita kumudzi. Koma m'nyumba munachokera mawu odekha:

"Asiyeni alowe, ankhazi."

Lusungu anali mkazi wochepa thupi, wamtali ngati bambo ake. Anali atagwada pamkeka, akusita suti yakuda ndi simbi ya makala. Anapereka moni mwaulemu, n'kupempha kuti amalize kaye mkono umodzi umene unatsala. Anati bambo ake atamukweza panjinga dzulo, iye sanatenge nsalu yake ngakhale imodzi, anangopezeka wanyamula suti imeneyi, ya pa ukwati wawo. Anamva kuti mtembo unyamuka mawa kupita kwawo kwa Jasper ku Bolero, ndipo ankadziwa kuti m'nyumba muja palibe wina akanadziwa pamene inali.

Alefa anakhala pampando n'kumuyang'ana akusita. Simbi inkapita n'kubwera, ndipo nkhani inkatuluka m'mawu aafupiafupi.

Anali kukhitchini atatereka nyemba pamene mkangano unayamba. Sanatuluke msanga. Anali atazolowera kuti a Jasper akayamba kukalipa, munthu umangokhala chete mpaka mphepo idutse. Koma tsikulo mphepoyo sinali pa iye. Atamva mawu a bambo ake akuduka anathamanga, n'kuwapeza ali pansi, a Jasper atawakwera pachifuwa. Anawaitana ndi dzina, sanamve. Anawakoka malaya, iwo anamukankha ndi dzanja limodzi osamuyang'ana n'komwe. Anathawira kuchisakasa kuti akatenge chilichonse, ndipo atacheuka anaona miyendo ya bambo ake, imene inkapalapata, yayamba kufooka. Chimene chinali pafupi ndi dzanja lake unali uta wake.

"Ndimafuna kulasa nthochi imene inali pambali pawo. Kuti amve kulira kwa muvi, adzidzimuke, awasiye. Ndi zimene ndinadziuza." Anaimika simbi pamwala. "Koma muvi woyenerana ndi uta wake sumvera zimene munthu ukudziuza. Umapita kumene diso layang'ana. Maso anga anali pamsana pawo, amama. Uta umene uja sunandinamizepo."

Alefa anafunsa funso limene ankadziwa kuti woweruza adzafunsanso, ngati ankafuna kuti mwamuna wake afe. Lusungu anayang'ana suti ija.

"Ndadzifunsa kuyambira dzulo. Ndimawakonda. Ndimawaopa. Sindikudziwa kuti ndi dzanja liti linakoka nsinga."

Anati Jasper sanafe pomwepo. Anagudubukira pambali, anamuona ataima ndi uta, ndipo m'maso mwake munalibenso ukali. Munali kudabwa kokha, ngati munthu wodzutsidwa kutulo. Iye anamufikira n'kumugwira mutu mpaka anasiya kupuma. Bambo ake anamulumbiritsa pa manda a amayi ake kuti asanene kanthu kwa wina aliyense, ndipo analumbira, chifukwa sanawakanirepo chinthu chibadwire. Koma ngakhale apolisi akanapanda kubwera, anatero, iye akanapita yekha akamaliza kusita. Sakanatha kudya chakudya podziwa kuti adada akufera pasimenti.

Anapinda sutiyo bwinobwino, n'kuiika m'jumbo yatsopano. Azakhali ake anali atakhala pansi pakhomo, nsalu ili kumaso.

* * *

Anadzera kunyumba ya chisoni ya chipatala. Achibale a Jasper anali atakhala pansi pa mtengo, amayi akuimba nyimbo ya maliro motsitsa. Lusungu anatsala m'galimoto, ndipo Alefa ananyamula yekha jumbo ija n'kukaipereka kwa mayi wokalamba amene anamuuza kuti ndi amake a malemu. Mayiyo anatulutsa jekete, anaona mizere yake yowongoka, ikadali yofunda, n'kufunsa kuti wasita ndani.

"Mkazi wake," anayankha Alefa.

Mayiyo anakweza maso kuyang'ana galimoto. Alefa anayembekezera kukuwa kapena temberero, koma sizinabwere. Anangokumbatira jeketelo pachifuwa, n'kuyamba kugwedezeka uku ndi uku ngati woguguza khanda.

Ku polisi a Gondwe anawatulutsa m'chitokosi pa nthawi yomwe mwana wawo ankalowa pakhomo. Anakumana m'kanjira kopapatiza. Mkuluyo anaima, dzanja litagwira khoma, n'kumufunsa m'Chitumbuka kuti wadzeranji.

"Wizirachi, mwana wane?"

Lusungu anagwada monga ankagwadira powapatsa madzi osamba m'manja.

"Munandinyamula kokwanira, adada. Apa ndiyenda ndekha."

Wapolisi wamkazi anamudzutsa mofatsa n'kupita naye kumbali ya amayi. A Gondwe anauzidwa kuti mlandu wawo wosokoneza umboni udzaitanidwa tsiku lina, kuti apite kuchipatala akawaone pakhosi, ndipo akhoza kukagona kwawo. Anagwedeza mutu, anati yewo pothokoza, n'kutuluka pang'onopang'ono.

Alefa anakhala muofesi madzulo onse akulemba. Analemba za zipsera za pakhosi koyambirira, mwatsatanetsatane, kuti aliyense wowerenga ayambe wazionera zimenezo. Poweruka, nkhungu inali itayamba kutsika m'tauni, ndipo pamsewu makondakitala a minibasi ankaitanira za ku Luwinga. Atazungulira nyumba ya polisiyo kuti adutse chidule, anawapeza a Gondwe atakhala pa njerwa, msana utatsamira khoma la chitokosi cha amayi, pansi pa kawindo ka zitsulo. Kamvula kanali katawanyowetsa kale mapewa.

Anawauza kuti kukuzizira, apite kunyumba, mawa adzawalola kumuona.

"Kunyumba kulibe munthu, amama," anatero. "Mwana wane ali kuseri kwa khoma ili. Akatsokomola ndimumva."

Alefa anaima pang'ono, chikwama chili m'manja. Kenako anabwerera muofesi, anatenga mpando wake ndi bulangete limene ankafunda pa ntchito ya m'nyengo yozizira, n'kukauza mlonda wa pageti kuti bambo amene ali kuseriyo asawathamangitse.